MBIRA YOKALAMBA: ZIZINDIKILO ZACE NDI KASAMALIDWE KACE

M'nyumba zina za m'boma la Chongwe, kaya ku Kasisi, kaya ku Chalimbana kapena ku Kanakantapa, mlendo polowa m'khicini alandiridwa ndi kulira kwa mbira. Ambiri aziweta cifukwa ca ndiwo ndi manyowa, ndipo mbira zotere sizifika ku ukalamba. Koma kawiri kawiri iripo imodzi imene mwana wa pakhomopo anaikonda, naipatsa dzina, naletsa kuti isaphedwe. Imeneyo ikhala zaka, nikalamba. Phunziro ili liri la mbira yotere, ndi la mwini wace amene adzuka m'mawa wina naipeza iri duu pangodya, iye osadziwa cocita.

Mau akulu a phunziroli ndi awa: mbira ibisa matenda ace. Mwini wace akayembekeza kuti ilire kapena igwe, adzakhala atacedwa. Ayenera kuipenyetsetsa, kuigwira ndi manja, ndi kuiyesa pa sikelo.

1. Cifukwa cace ibisa matenda

Tisaisokoneze mbira ya m'nyumba ndi mbira ya m'matanthwe. Dzina ndi limodzi, koma ziri nyama zosiyana. Ya m'nyumbayi inacokera ku mapiri a Andes, ku South America, kumene anthu a ku Peru, Bolivia ndi Ecuador akhala akuiweta zaka zikwi zingapo. Inafika ku Ulaya ndi zombo za amalonda m'zaka za m'ma 1500. Makolo ace a kuthengo anali cakudya ca mbalame zolusa ndi zirombo, ndipo cirombo ciyamba kugwira nyama imene ioneka yofooka. Cotero mbira inabadwa ndi khalidwe la kudzionetsa yamphamvu ngakhale iri kumva kuwawa, ndipo khalidwelo silinaicokere kufikira lero.

Mbira yosamalidwa bwino ikhala ndi moyo zaka 5 kufikira 7, zina zifika 8. Ikapitirira zaka 4, dziwani kuti yayamba ulendo wa ukalamba.

2. Zimene ukalamba wokha ubweretsa

Pali kusintha kwina kumene sikuli nthenda. Mbira yokalamba igona nthawi yaitali, ileka kudumpha-dumpha monga inkacitira iri yaing'ono, ndipo iyenda pang'ono pang'ono cifukwa mfundo zauma. Mukaisisita pamsana mudzamva mafupa koposa kale. Maso a zina acita ng'ala, makutu a zina agontha, kotero kuti sizithamangiranso pakhomo pakumva mapazi a mwana wobwera ndi udzu. Zikhadabo zitalika ndi kupindika, pakuti sizipereseka ndi kuyenda. Zidulidwe nsonga zokha, mwezi ndi mwezi.

Mbira yotere idyabe ndi mtima wonse. Icitireni cifundo cokha: mbale ya madzi ndi cakudya zikhale pafupi ndi pogona pace, ndipo musazisunthe-sunthe, pakuti yakhungu iyenda ndi cikumbukiro ndi mphuno.

3. Zizindikilo za nthenda

Mano. Mbira iri ndi mano 20, ndipo onse akula moyo wace wonse. Cimene ciwapera ndico kutafuna udzu. Udzu ukacepa, mano a m'kati atalika nalasa tsaya, kapena kupanikiza lilime. Mudzaona mbira ifika pa cakudya ndi njala, nitola tsamba, niligwetsanso. Cibwano cace cikhala conyowa ndi malobvu.

Mimba. Matumbo a mbira afuna kugwira nchito usana ndi usiku. Mbira imene yatha tsiku limodzi osadya iri pafupi ndi imfa, ngakhale maso ace ali kupenya. Yang'anani ndowe zace m'mawa uli wonse: zikacepa, zikakhala zazing'ono ndi zouma, kapena zikasowa konse, musagonere.

Kusowa kwa vitamini C. Nyama zambiri zipanga vitamini C m'thupi mwao, koma mbira, monga munthu, siingathe. Iyenera kumpeza m'cakudya tsiku ndi tsiku. M'caka ca 1907 madotolo awiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, anadyetsa mbira mbeu zouma zokha, ndipo zinagwidwa ndi nthenda ija inkapha amalinyero pa nyanja, imene Azungu aicha scurvy. Atazipatsa masamba auwisi monga kabici, nthendayo inapewedwa. Zizindikilo zace ndizo kutupa mfundo, kulira poigwira, kukoka miyendo ya kumbuyo, ubweya wonyankhalala, ndi mwazi m'nkhama.

Yamphongo. Ikakalamba, minofu ya kumbuyo ifooka, ndipo ndowe zofewa ziunjikana m'kathumba ka pamenepo ndi kununkha. Nyowetsani kansaru m'madzi ofunda, finyani mofatsa, nimucotse. Nchitoyi siikoma, koma ipumitsa nyama.

Yaikazi. Ubweya ukathothoka m'nthiti mbali zonse ziwiri, popanda kukanda, kawiri kawiri ndizo zotupa za madzi m'ziwalo zoberekera. Ndiponso yaikazi yokalamba isakhale pamodzi ndi yamphongo. Bere la mbira litha masiku 59 kufikira 72, ana abadwa akulu, ndipo yokalamba, makamaka imene siinabalepo iri yaing'ono, ingathe kufa pobala.

Mkodzo ndi mapazi. Ikalira pokodza, kapena mukaona mwazi pa udzu wogonapo, mwina muli timiyala m'cikhodzodzo. Pansi pa mapazi pakafiira ndi kutupa, ndico cifukwa ca kukhala malo amodzi pa dothi lonyowa kapena pa waya.

4. Nyengo za kwathu kuno

Ku Chongwe mbira yokalamba iyesedwa katatu pa caka. Poyamba ndi cisanu ca June ndi July. Thupi loonda silisunga kutentha. Ikani udzu wouma wocuruka ndi kabokosi kobisalamo, ndipo tsekani ming'alu yolowera mphepo ya usiku.

Kaciwiri ndi cirimwe, kuyambira August, pamene thengo lapsya ndi lupsya ndipo msipu wasowa. Apa ambiri apatsa mbira gaga yekha. Taonani, abale, kuti cakudya cimeneco cifanana ndi cija ca Holst ndi Frølich! Yaing'ono ingapirire masabata angapo, koma yokalamba igwa msanga. Amene ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe asaiwale kupatula dzanja limodzi la masamba tsiku liri lonse: repu, kabici, masamba a mbatata, masamba a maungu, pamodzi ndi kacidutswa ka gwafa kapena lalanje zikapezeka. Udzu wabwino udulidwe m'March kapena April, uumitsidwe pamthunzi, nusungidwe posafika cinyezi, pakuti udzu ndiwo nsima ya mbira ndipo masamba ndiwo ndiwo zace. Musaipatse masamba a mbatata ya kacewere kapena a matimati, anyezi, kotapela, kapena masamba auwisi a cinangwa.

Kacitatu ndi kutentha kwa October, mwezi umene Asoli asonkhana kwa mfumu yao yaikulu Nkomeshya Mukamambo II pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula. Nyama ya ku mapiri ozizira siipirira dzuwa lotere. Kutentha kukapitirira madigiri 27 iyamba kubvutika, ndipo m'khola la malata ingathe kufa masana amodzi. Mukaiona yagona camimba, iri wefu wefu, isunthireni pamthunzi pomwepo, ikani nsaru yonyowa pamwamba pa khola, nimuipatse madzi.

5. Cimene mwini ayenera kucita

Ubweya unyenga maso, koma sikelo siinama. Mbira yaikulu ilemera magalamu 700 kufikira 1,200. Iyeseni kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, nimulembe ciwerengero cace m'mphepete mwa kalendala wa m'buku lino. Nchito imeneyi mpatseni mwana mwini mbira. Adzaphunzira nayo masamu ndi cisamaliro. Ikataya magalamu 50 m'sabata imodzi, kapena ikamatsika sabata ndi sabata, ciripo cimene ciri kuidya m'kati.

Ikaleka kudya, sinjani udzu wofewa ndi masamba, sakanizani ndi madzi, nimuimwetse pang'ono pang'ono pambali pa kamwa ndi kasupuni kapena jekeseni yopanda singano, kangapo pa tsiku. Uku ndi kuigwiriziza kokha kufikira itaonedwa ndi wodziwa.

Cenjezo lalikulu ndi ili: musaipatse mankhwala a anthu otsala m'nyumba. Penicillin ndi amoxicillin, amene aciritsa anthu, apha tizirombo tabwino ta m'matumbo a mbira, ndipo nyamayo ifa ndi kutsegula m'mimba m'masiku owerengeka. Cifundo copanda nzeru capha mbira zambiri. Funsani kwa a zaziweto pa boma la Chongwe. Za mano ndi za timiyala zifuna dotolo wa ziweto. Sukulu ya madotolowo iri ku University of Zambia, pa mseu wa Great East.

6. Masiku otsiriza

Mbira ndi nyama ya gulu. Yokalamba isasiyidwe yokha, koma isakhalenso pakati pa zazing'ono zaphuma zimene ziilanda cakudya. Ipatseni inzace imodzi yofatsa.

Idzafika nthawi imene cisamaliro sicithandizanso: siidya, siiyenda, ipuma mobvutika. Pamenepo musaisunge m'zowawa cifukwa ca kuopa misozi ya mwana. Dotolo wa ziweto adziwa kuigoneka popanda kuwawa. Ndipo makolo, musanamize mwana kuti mbira yathawira kuthengo. Muuzeni zoona, kuti inakalamba, ndi kuti udzu umene anadula ndi madzi amene anatunga ndizo zinaifikitsa pa zaka zimenezo. Mwana amene anaphunzira kuona kuti kanyama kosalankhula kaleka kudya, sadzacedwa kuona pamene agogo ace abweza mbale ya nsima yosakhudzidwa.

Mafunso

1. Cifukwa ninji mbira ibisa matenda ace?
2. Tisiyanitsa bwanji ukalamba wokha ndi nthenda?
3. Gaga yekha asowa ciani, ndipo tidzacipeza kuti m'cirimwe?
4. Chulani mankhwala awiri a anthu amene apha mbira.
5. Ndani pakhomo panu adzayesa mbira pa sikelo sabata ino?