Kutukwana m'Chifalansa: Zomwe Ndidaphunzira pa Doko la Kwathu

Chiyambi

Patchuthi china ndidaperekeza alendo awiri a ku France kudoko la kwathu kwa Mponda, ku Mangochi. Ataona dzuwa likutuluka pamadzi, mmodzi adafuula mawu akuti putain. Amalume, omwe ankasoka ukonde, adandifunsa tanthauzo lake. Podalira mtanthauziramawu ndidati, "Akuti hule." Amalume adapsa mtima poganiza kuti mlendoyo akunyoza amayi omwe ankatsuka mbale pagombe. Nkhani ino ikufotokoza chomwe ndidalakwitsa.

Magwero a mawu otukwana

Zotukwana za Chifalansa zimachokera makamaka ku zinthu zitatu. Choyamba ndi zotuluka m'thupi. Mawu akuti merde, ochokera ku Chilatini merda, amatanthauza chimbudzi. Amatchedwanso mawu a Cambronne, mkulu wa asilikali yemwe akuti adayankha motero Angerezi atamuuza kuti agonje pa nkhondo ya Waterloo mu 1815. Victor Hugo adatchukitsa nkhaniyi m'buku lake la Les Misérables la 1862.

Chachiwiri ndi zogonana. Putain poyamba ankatanthauzadi mkazi woyendayenda, ndipo gwero lake ndi mawu akale otanthauza chinthu chonunkha.

Chachitatu ndi chipembedzo. M'mawu akale akuti sacrebleu, anthu adaika bleu, mtundu wa buluu, m'malo mwa Dieu poopa kutchula Mulungu pachabe. Ku Quebec, m'dziko la Canada, zotukwana zazikulu ndi mayina a zipangizo za m'tchalitchi cha Katolika, monga tabarnak ndi câlice.

Kagwiritsidwe ntchito kake

Mawu akatchulidwa kawirikawiri ululu wake umachepa. Lero putain amamveka munthu akadabwa, akakondwa kapena akapunthwa, ngati momwe ife timanenera "mayo ine!" Ochita zisudzo amauzana merde pofunirana mafuno abwino. Komabe mawuwa sadafe mano. Mu Januwale 2022 Pulezidenti Emmanuel Macron adadzudzulidwa kwambiri atagwiritsa ntchito mneni emmerder ponena za anthu osabayitsa katemera wa Covid-19.

Kuyerekeza ndi kwathu

Kwathu kutukwana kopweteka kwambiri ndi kotchula ziwalo zobisika, makamaka za mayi wa munthu. Mwamuna angapirire kutchedwa galu, koma ukamutukwanira mayi ake ndeu yabuka. Nako kuno malo ndi ubale zimasintha kulemera kwa mawu. Asodzi pokoka khoka amalankhula zomwe sangayerekeze kunena pamaso pa apongozi. Asuweni amanyozana mwachisuweni popanda wokwiya, ndipo nyimbo zina za kuchinamwali zimatchula poyera zomwe pamudzi zimabisidwa.

Mathero

Choncho kutukwana sikuli m'mawu mokha ayi, koma mwa wolankhula, womvera ndi malo. Ine ndidamasulira mawu, ndikusiya cholinga. Mlendo uja ankangoti, "Koma ndiye kukongola!" Nditabwerera kukafotokoza, amalume adaseka nati, "Mphwanga, sukulu yakoyo ikadatimenyanitsa ndi alendo." N'chifukwa chake ndikuona kuti aphunzitsi a zilankhulo asamadumphe mutuwu pochita manyazi. Wophunzira sayenera kutukwana, koma ayenera kudziwa pomwe watukwanidwa ndi pomwe sadatukwanidwe.