Za Kuyesa Maganizo: Phunziro la Aphunzitsi ndi Makolo

Munthu ali yense aganiza, monganso ali yense apuma. Koma kuganiza kolongosoka munthu sabadwa nako ai, acita kuphunzira monga aphunzira kusula khasu kapena kuumba mbiya. Cifukwa cace anthu ophunzira a m'maiko ambiri atha zaka alikusanthula mayendedwe a nzeru ya munthu, kuti adziwe pamene ikhumudwa. Phunziro lino linena za cokhumudwitsa cimodzi cacikuru cimene anacipeza, ndico ici: munthu akagwira ganizo, afunafuna zolivomereza zokha, nalambalala zolitsutsa.

1. Manambala atatu a Wason

M'caka ca 1960 Peter Wason, wa ku University College ku London, anafalitsa zimene anapeza atayesa ophunzira 29. Anapatsa yense manambala atatu awa: 2, 4, 6, namuuza kuti manambalawo atsata lamulo lina limene iye analisunga mumtima. Nchito ya wophunzira inali kulipeza lamulolo. Analoledwa kulemba manambala ena atatu-atatu monga momwe anafunira, ndipo nthawi iri yonse Wason anamuuza ngati atsata lamulo kapena iai. Akakhulupirira kuti walidziwa, pamenepo alichule.

Wowerenga ayambe waima pano, adzifunse manambala amene iye akadalemba.

Ambiri anaganiza msanga kuti lamulo ndilo kuonjeza 2 nthawi zonse. Tsono analemba manambala onga 8, 10, 12, namva kuti atsata. Analemba 20, 22, 24, namvanso comweco. Atavomerezedwa katatu kanai mitima yao inakhala pansi, nachula lamulo lao molimbika. Koma linali lolakwa. Lamulo la Wason linali lapafupi: manambala atatu ali onse okwera, yaciwiri yoposa yoyamba, yacitatu yoposa yaciwiri. Mwa ophunzira 29 aja, 6 okha ndiwo analipeza pa kuchula kwao koyamba.

Kodi analakwira pati? Sanali opusa, ndipo palibe anawanamiza. Koma analemba manambala okhawo ogwirizana ndi ganizo lao. Akadalemba 1, 2, 3, kapena 5, 40, 41, akadamva kuti awonso atsata, ndipo ganizo lao likadagwa pomwepo, njira ya coonadi nitseguka. Kuvomerezedwa kakhumi sikunawaonjezere nzeru. Kuyesa kumodzi kofuna kugwetsa ganizo lao kukadawaphunzitsa zambiri.

2. Umboni umodzi, maweruzo awiri

Wina angati, Amenewo ndi masewera a manambala cabe. Koma m'caka ca 1979 anthu atatu, Charles Lord, Lee Ross ndi Mark Lepper, a ku Stanford University ku America, anayesa nkhani yolemera. Anasankha ophunzira 48. Theka la iwo linavomereza cilango ca imfa kwa opha anzao, theka lina linacikana. Onse anawapatsa makalata awiri omwewo, amene oyesawo anacita kupeka: imodzi yoonetsa kuti cilangoco cicepetsa kuphana, inzace yoonetsa kuti sicicepetsa.

Munthu akadayembekeza kuti atawerenga mbali zonse ziwiri adzayandikizana. Sikunatero. Yense anayamika kalata yomuvomereza kuti njolongosoka, napeza zirema zambiri m'kalata yomutsutsa. Ndipo potsiriza mbali zonse ziwiri zinanena kuti zalimbika koposa kale. Umboni unali umodzi, koma yense anali ndi miyeso iwiri, wina woyesera zace, wina woyesera za mnzace.

Msampha womwewu uli m'mudzi uli wonse. Munthu akamganizira mnansi wace kuti ndiye anaba mbuzi, zonse zimene acita mnansiyo zisanduka umboni: akakhala cete, ati mlandu wamgwira; akalankhula, ati alikubisa. Momwemonso anthu akumbukira odwala amene anacira atamwa mankhwala akuti, koma osawerenga amene anamwa nafa, kapena amene anacira osamwa. Motero wosalakwa anyozeka, ndipo wodwala acedwa kunka ku cipatala.

3. Funso limene lithandiza

M'caka ca 1984 Lord ndi Lepper, pamodzi ndi Elizabeth Preston, anabwereza kuyesa kuja pofuna cothandiza. Gulu lina analipempha kuti liweruze mosakondera, monga acita woweruza milandu. Pempho limenelo silinathandize, pakuti munthu wokondera sadziwa kuti alikukondera. Gulu lina analiuza kuti pa kalata iri yonse yense adzifunse ngati akadaiyesa cimodzimodzi ikadakhala kuti yafika pa mbali inayo. Amenewa ndiwo analeka kukondera kuja. Apa paoneka kuti kulangiza mwana kuti aganize bwino sikukwanira. Asowa kupatsidwa funso lenileni loti adzifunse, monga mmisiri apatsa wophunzira wace cingwe coongolera khoma.

4. Nchito ya mphunzitsi

Coyamba, mphunzitsi asalandire yankho lokha, ngakhale liri lokhoza. Afunse, Wadziwa bwanji? Afunsenso, Nanga cingaonetse kuti walakwa nciani? Mwana wonena kuti zinthu zolemera zonse zimira m'madzi atumidwe kukafuna colemera coyandama, kufikira akumbukire bwato.

Caciwiri, adikire. Mary Budd Rowe wa ku America anamvetsera maphunziro ambiri ojambulidwa pa makina, ndipo m'caka ca 1972 anaonetsa kuti aphunzitsi akafunsa funso adikira monga sekondi imodzi yokha, nayamba kuchula mwana wina kapena kuyankha okha. Amene anaphunzira kudikira masekondi atatu kapena kuposapo anaona mayankho alikutalika, ana ambiri alikuyankha, ndi amanyazi omwe, ndipo ana anayamba kupereka zifukwa. Ganizo loyamba lifika lothamanga, laciwiri loliyesa lidza pang'onopang'ono. Paja akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Cacitatu, asacititse manyazi mwana wosintha maganizo. Mwana akasekedwa cifukwa ca kulakwa, aphunzira kuchinjiriza ganizo lace, osati kuliyesa. Koma akaona mphunzitsi kapena atate wace alikulandira cidzudzulo ndi nkhope yabwino, adziwa kuti womtsina khutu ndiye mnansi. Ana ophunzitsidwa cotero ndiwo adzakhala mboni zokhulupirika pa bwalo, ndi anthu osatengeka ndi mphekesera iri yonse.

Mafunso

1. Kodi ophunzira a Wason akadalemba manambala otani kuti apeze lamulo msanga?

2. Cifukwa ninji pempho lakuti aweruze mosakondera silinathandize?

3. Wowerenga achule cinthu cimodzi cimene acikhulupirira za munthu wina, nanene umboni umene ungamsinthe maganizo. Akapanda kuupeza, adzifunse ngati cimeneco acidziwadi, kapena angocikonda.