Mphenzi ya ku Phiri la Ntchisi

Funso: Ndimalima pafupi ndi nkhalango ya Ntchisi. Dzinja lililonse mphenzi imang'amba mitengo yapaphiri. Anzanga akuti ndi yotumiza. Zoona? — Mlimi, Ntchisi

Yankho: Ayi bambo, palibe wotumiza. Mumtambo, timatalala timagundana n'kumalandana maelekitironi, ndipo kunsi kwa mtambowo kumadzaza mphamvu ya negetivu. Mphamvuyi imakankhira kutali maelekitironi a m'nthaka, nsonga za mitengo n'kutsala ndi pozitivu. Ziwirizi zimakokana, ndipo mtengo wapaphiri ndiwo uli pafupi ndi mtambowo. Komatu kudambo musadzitame: poyera, munthu wosenza khasu ndiye wamtali kuposa zonse. Kukang'anima werengani: masekondi 3 bingu lisanamveke ndiye kuti mphenzi yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Thawirani m'nyumba, osati pansi pa mtengo.