Kuwongola Gudumu la Njinga Pakhomo

Mawu oti tiwadziwe

Habu: chitsulo cha pakati pa gudumu.
Limu: chitsulo chozungulira chimene tayala limakhalapo.
Sipoko: waya wochokera pa habu kukafika pa limu.
Kanati: kachitsulo kamene kamamanga sipoko pa limu.
Kiyi wa masipoko: kachipangizo kozungulitsira kanati.

Tiwerenge

Mayi wina wa ku Dedza amapita ndi kachewere ku msika pa njinga. Tsiku lina, thumba lili pa kaliyala, gudumu la kumbuyo linagwera m'dzenje. Kuyambira pamenepo njinga inayamba kulira kwe, kwe, kwe. Limu linkakhula labala ya buleki nthawi iliyonse gudumu likazungulira. Pofuna kuthetsa phokosolo, mayiyo anamasula buleki ya kumbuyo.

Madzulo mlamu wake, amene amapalasa kabaza, anaiona njingayo ili pakhonde.

"Alamu, mwamasuliranji buleki? Mutsika bwanji zitunda za kunozi ndi katundu?" anafunsa.

"Limu labenda, alamu. Ndalama ya gudumu latsopano ndilibe," anayankha mayiyo.

Mlamuyo anazunguza gudumu n'kuliyang'anitsitsa. Kenako anafinya masipoko awiriawiri ndi dzanja. Awiri anali lendelende.

"Limuli ndi labwinobwino. Amasuka ndi masipoko. Bweretsani choko cha ana, tiliwongole pompano."

Chimene chimawongola gudumu

Limu palokha si lolimba kwambiri. Chimene chimaligwira kuti likhale lowongoka ndi masipoko. Magudumu ambiri ali ndi masipoko 36, ena 32, ena 40. Yang'anani pa habu. Muona kuti ili ndi milomo iwiri ya timabowo, wina kumanja, wina kumanzere. Pa gudumu la masipoko 36, masipoko 18 amachokera kumanja, 18 kumanzere. Pofika pa limu amasinthana: iyi ya kumanja, yotsatira ya kumanzere, yotsatira ya kumanja, mpaka kuzungulira.

Sipoko iliyonse imakoka limu. Ya kumanja imalikokera kumanja, ya kumanzere imalikokera kumanzere. Ganizani za mlongoti wautali umene mwauimika ndi zingwe mbali ziwiri. Zingwe zikakungika mofanana, mlongoti umaima chilili. Chingwe chimodzi chikalenda, mlongoti umapendekera kumene chingwe chili cholimba. Limu nalo limatero. Sipoko ya kumanzere ikamasuka kapena kuduka, za kumanja zimapambana, ndipo limu limapendekera kumanja pamalo pamenepo.

Choncho kuwongola gudumu ndi kubwezeretsa kukokana kumeneku. Hamala ilibe ntchito pano. Mwala ulibenso ntchito. Ntchito yonse ili pa tinati.

Kanati kali ndi mazinga ngati nati ya bawuti. Mukakamanga, sipoko imakungika n'kukokera limu ku mbali yake. Mukakamasula, sipoko imalenda n'kulola limu kupita ku mbali inayo.

Tisanayambe

Konzani kiyi wa masipoko, choko kapena khala, oyilo pang'ono ndi kansanza. Kiyi amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za njinga. Wina amakhala ndi timipata tingapo. Sankhani kampata kamene kakugwira kanati bwinobwino osagwedera. Pulayala musaigwiritse ntchito, chifukwa imadya makona a kanati, ndipo kakatero kiyi sakagwiranso.

Gadabuzani njinga, ikhale pa chishalo ndi pa mahandulo. Gwirani gudumu n'kuligwedeza uku ndi uku. Ngati likugogoda pakati, vuto lili pa habu, ndipo muyambe mwamangitsa habuyo. Onaninso ngati limene likukhota ndi limu kapena tayala lokha, pakuti nthawi zina tayala limangokhala kuti silinalowe bwino.

Chotsani mpweya m'chubu. Kenako donthezani oyilo pa kanati kalikonse kamene kachita dzimbiri, mudikire pang'ono kuti alowe. Oyilo akagwera pamene buleki imagwira, pukutani.

Kawongoledwe kake

1. Khalani mbali imodzi, kumbuyo kwa gudumu, ndipo musasinthe malo. Mukasintha, kumanja ndi kumanzere kudzakusokonezani.

2. Tsamiritsani dzanja pa chitsulo cha njinga chimene chili pafupi ndi limu. Gwirani choko pafupi kwambiri ndi limu, koma chisaligunde.

3. Zunguzani gudumu. Sendezani choko pang'onopang'ono mpaka chiyambe kukhudza. Chidzalemba kamzere pamalo okhawo amene limu lapendekera ku mbali imeneyo.

4. Imitsani gudumu. Bweretsani kamzereko pamwamba. Werengani masipoko amene ali pansi pa kamzereko. Kawirikawiri amakhala atatu, anayi kapena asanu.

5. Tsatirani sipoko iliyonse ndi chala mpaka pa habu kuti mudziwe mbali imene ikuchokera.

6. Ngati kamzere kali kumanja, mangani masipoko ochokera kumanzere, ndipo mumasuleko pang'ono ochokera kumanja. Ngati kali kumanzere, mangani a kumanja, mumasuleko a kumanzere.

7. Mukayang'ana kanati muli pamwamba pa tayala, kumanga ndi kuzunguza kiyi mmene imayendera mivi ya wotchi. Mukakayika, finyani sipokoyo ndi zala. Ikalimba, ndiye kuti mwamanga.

8. Zunguzani kiyi kota yokha. Makota anayi ndiwo amakwana kuzungulira kamodzi. Sipoko ya pakati pa kamzere ndiyo ifunika kota yathunthu. Pa za m'mphepete mwa kamzere, zunguzani mochepera.

9. Fufutani choko, zunguzaninso gudumu, lembaninso. Kamzere kadzakhala kakufupikira. Kenako yesani choko ku mbali inayo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera gudumu. Amaona kuti kota ikuchedwetsa, n'kuzunguza kiyi kawiri kapena katatu nthawi imodzi. Limu limawongoka pamenepo koma limakhota pena, kapena sipoko imaduka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kota, zunguzani gudumu, yang'anani. Kota ina, zunguzani, yang'anani. Mungabwereze kakhumi kapena kupitirira, ndipo palibe cholakwika.

Gwiritsaninso ntchito khutu. Gogodani masipoko ndi chikhadabo. Sipoko yokungika imalira mawu aang'ono, nge. Yolenda imalira mogontha. Masipoko a mbali imodzi ayenera kulira mofananako.

Gudumu lodumpha

Gudumu lina silikhotera m'mbali koma limadumpha, ngati kuti lili ndi linunda. Ikani choko kunja kwa mlomo wa limu, tayala mutalichotsa. Pamene choko chalemba ndi pamene limu latukuka. Mangani masipoko a pamenepo, a kumanja ndi a kumanzere omwe, mofanana. Akatero amakokera limu mkati, cha ku habu. Ntchito imeneyi ndi yovutirapo, choncho muziyamba mwazolowera kuwongola kwa m'mbali.

Pomaliza

Finyani masipoko awiriawiri kuzungulira gudumu lonse kuti akhazikike, n'kuyesanso ndi choko. Ngati mwamanga kwambiri, chotsani tayala muone mkati mwa limu. Nsonga ya sipoko ikatulukira pamwamba pa kanati imaboola chubu. Ipaleni ndi tupa, ndipo mphira wophimba tinati ukhale m'malo mwake. Popani mpweya, bwezerani buleki, yesani njinga pabwalo musanaisenzetse katundu.

Sipoko yoduka isakhalitse. Ikaduka imodzi, zinzake zapafupi zimasenza ntchito yake, ndipo nazo zimayamba kuduka. Pitani nayo yodukayo kwa wogulitsa kuti akupatseni yofanana kutalika. Koma limu likang'aluka, likaphwanyika mlomo, kapena likapindika kwambiri mpaka gudumu kukanika kuzungulira, kiyi sangathandize. Pitani kwa wokonza njinga. Limu long'aluka likhoza kuthyoka muli pa liwiro, ndipo moyo wanu ndi wa amene mwamukweza ndi wofunika kuposa mtengo wa limu.

Tibwerere ku Dedza kuja. Mlamuyo anamanga sipoko imodzi yokha, kenako kiyi anamupereka kwa mwini njinga.

"Inayo mangani nokha, alamu. Ine mawa ndikhala ndili pa siteji."

Mayiyo anatsatira sipoko ndi chala mpaka pa habu. "Iyi ndi ya kumanzere," anatero. Anazunguza kota, n'kuzunguza gudumu. Kamzere ka choko kanafupika. Anabwereza kasanu. Dzuwa likulowa, gudumu linazungulira osakhula. Asanalowetse njinga m'nyumba, anamanganso buleki ija.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani mayi wa m'nkhaniyi anamasula buleki? Panali ngozi yanji?
2. Kodi chimene chimagwira limu kuti likhale lowongoka n'chiyani?
3. Choko chalemba kumanzere kwa limu. Mumanga masipoko a mbali iti?
4. Tchulani zinthu ziwiri zimene muyenera kuona musanayambe kumanga masipoko.
5. Ndi limu lotani limene sitiyenera kuliwongola pakhomo?

Masamu

1. Gudumu lili ndi masipoko 32. Mbali iliyonse ili ndi masipoko angati?
2. Njinga ili ndi magudumu awiri, lililonse la masipoko 36. Masipoko onse ndi angati?
3. Mwazunguza kiyi makota 8. Kiyi wazungulira kangati?

Zochita

Lembani m'kope mwanu mawu awa: habu, limu, sipoko, kanati, kiyi. Pa tsiku lokumananso, mmodzi abwere ndi njinga. Aliyense azunguze gudumu, agwire choko, ndi kuuza anzake masipoko amene angawamange.