Njinga ya batire kwa wachikulire: zoyenera kuona asanalipire

Wamalonda wachikulire amene anasiya kalekale kupalasa chifukwa cha mawondo angathe kuyambiranso ndi njinga ya m'mapiri yokhala ndi batire. Imeneyi si njinga yamoto ayi: mota yake imangothandizira munthu akamapalasa. Zambiri zochokera ku Ulaya zili ndi mota ya mawatsi 250, yomwe imaleka kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola.

Choyamba ndi kulemera. Njinga zotere zimalemera makilogalamu 20 mpaka 25. Wogula ayese kuikankha pachitunda mota ili chizimire, poti tsiku lina batire idzamuthera panjira. Felemu ikhale yotsika pakati kuti mwendo usamavutike pokwera ndi potsika.

Chachiwiri ndi batire, chipangizo chodula kwambiri panjingayi. Mphamvu yake amailemba ndi zilembo za Wh: ya 500Wh imafika kutali kuposa ya 400Wh, koma katundu ndi zitunda zimaimaliza msanga. Panjinga yakaunjika batire imakhala itafooka kale, choncho afunsiretu komwe angapeze ina ndi mtengo wake. Ya Bosch siigwira pa mota ya Shimano. Asankhe yochotseka, yoti n'kukatchajitsa komwe kuli magetsi.

Chachitatu ndi mabuleki. Njinga yolemera, itasenzanso katundu pamtsetse, imafuna mabuleki a disiki. Aonenso ngati pali pomangira kaliyala, chifukwa njinga zambiri za m'mapiri zilibe.

Njinga yotchipa koma yosowa batire yosinthira ndi mpamba wongogona m'nyumba.