Mlendo Akatonzedwa pa Chitakale

Funso: Akulu, pa Chitakale kuno ku Mulanje anyamata amakuwiza Mtchaina wina, nthawi zina kumugenda, nati akubwezera zimene Mtchaina mnzake Lu Ke anachitira ana ku Lilongwe. Ine woonerera ndichitenji?

Yankho: Bambo, ngakhale mkwiyowo uli ndi pochokera, pakuti zimene BBC inaulula mu 2022 za ana a ku Njewa, ojambulidwa akudzinyoza m'chiyankhulo chimene sankachimva, zinalasa mtima wa fuko lonse, kumbukirani kuti mwini mlanduyo, Lu Ke, anagwidwa ku Chipata, nabwezedwa kuno, naweruzidwa mu 2023. Mwambi wakuti ikaola imodzi zonse zaola unanenera nsomba, ndipo sukhoza kuweruza munthu amene sanalakwe.

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho la mtundu, khungu kapena dziko lochokera, ndipo limatchinjiriza mlendo monga mbadwa. Chotero imani pambali pa Mtchainayo, mumlonjere poyera kuti anyamatawo aone. Kenaka kaonaneni ndi makolo awo pamodzi ndi anyakwawa. Mwala ukaponyedwanso, mperekezeni kupolisi pa Boma, inu mukhale mboni, pakuti mwina Chichewa chimamuvuta.