Chingwe pabwalo: wodwala shuga amene saona naye aziyenda

M'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja muno timawadziwa anthu amenewa. Bambo amene kale ankapalasa bwato usiku wonse, kapena mayi amene ankaswa mphanje kudimba, lero ali pamkeka pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Shuga inawalanda maso. Akati adzuke, ife apabanja timathamangira: "Khalani pansi agogo, tikutengerani." Timatero chifukwa chowakonda, koma kukhala kumeneku kukuwonjezera matenda.

Tiyeni tione chifukwa chake. Nsima, mpunga, kondowole ndi tiyi amene timamwa zimasanduka shuga m'magazi. Chimene chimadya shuga wambiri m'thupi ndi minofu, makamaka ya m'miyendo, ndipo imadya kwambiri ikamagwira ntchito. Munthu akayenda, minofu imakoka shuga m'magazi, komanso thupi limamvera bwino insulini kwa tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake sitiyenera kudutsitsa masiku oposa awiri popanda kulimbitsa thupi. Tisaiwalenso kuti matenda amene anaononga timitsempha ta m'maso sathera pomwepo. Amapita ku impso, kumtima ndi kumapazi. Maso anapita, inde, koma zotsalazi tikhoza kuziteteza.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 kwa masiku asanu. Simufunika kuchita zonse nthawi imodzi. Mphindi 10 pambuyo pa chakudya chilichonse zikwana, ndipo nthawi imeneyi ndi yabwino chifukwa ndi pomwe shuga amakwera. Amene wakhala miyezi osayenda ayambe ndi mphindi zisanu. Liwiro loyenera ndi lija munthu amapuma mwamphamvu pang'ono koma n'kumathabe kucheza.

Nanga ayenda bwanji munthu wosaona, poti ana ali kusukulu ndipo akuluakulu ali kudoko? Apa ife asodzi tili ndi mwayi, chifukwa palibe khomo losowa chingwe chakale cha ukonde. Tengani chingwe cholimba cha mamita 15 kapena 20, muchimange pakati pa mitengo iwiri, chifike m'chiuno mwa mwiniwake ndipo chikungike bwino. Patatsala mapazi awiri kuti munthu afike pamtengo, mangani mfundo yaikulu mbali zonse ziwiri, kuti dzanja likaigunda adziwe kuti apa ndi potembenukira. Ena amalowetsa kapaipi kakafupi m'chingwemo kuti dzanja lizitsetsereka osakhulika. Pansi pake salazani, chotsani zitsa ndi miyala, ndipo muzisesa tsiku ndi tsiku. Lamulo la pakhomo likhale loti panjira imeneyi sipaikidwa ndowa, khasu, mbaula kapena thandala la usipa, ngakhale kwa kamphindi. Munthu akapunthwa kamodzi mtima umachita mantha, ndipo kumubwezeranso pachingwe n'kovuta. Wailesi ikhale pafupi kuti imuthandize kudziwa nthawi, komanso kuti asatope ndi chete.

Chingwe sichilowa m'malo mwa anthu. Ulendo wa kumzikiti, kumsika kapena kukaona odwala nawonso ndi kulimbitsa thupi, ndipo umachotsa kusungulumwa. Koma tiphunzire kaperekezedwe. Osamukoka dzanja munthu wamkulu ngati mbuzi. Iye ndiye agwire mkono wanu pamwamba pa chigongono, inu mukhale patsogolo pang'ono, n'kumanena kuti apa pali ngalande, apa tikukwera. Tsiku la mvula kapena la mwera woopsa, agwire chitseko kapena khoma, akhale pampando ndi kudzuka kakhumi, apume, abwerezenso. Kukweza ndi kutsitsa mabotolo awiri a madzi kumalimbitsa manja.

Tsopano za mapazi, ndipo apa tikupempha kuti mumvetsetse. Shuga imapha mitsempha yomvera ululu, moti munthu akhoza kuponda mbedza, munga wa nsomba kapena mchenga wotentha wa mu Okutobala osamva kanthu. Woona amazindikira ndi magazi, wosaona sadziwa mpaka bala litanunkha, ndipo mabala otere ndi amene amadulitsa miyendo. Choncho asayende wopanda nsapato ngakhale pabwalo, ndipo nsapato yotseka ndi sokosi imaposa patapata. Asanavale azigogoda nsapato ndi kupisamo dzanja, makamaka zija tazisiya pakhomo la mzikiti. Poti timasambitsa mapazi pa udhu, tigwiritse ntchito nthawi yomweyo: apukute bwino pakati pa zala, ndipo kamodzi pa tsiku wina wa maso aone pansi pa phazi ndi kuchidendene. Mukapeza thuza, mng'alu kapena malo otupa ndi otentha, kuyenda kuime kaye mpaka achipatala aone. Osathirapo phulusa kapena mankhwala ongomva kwa anzathu.

Vuto lina ndi kutsika kwa shuga mopitirira, makamaka kwa amene amabaya insulini kapena kumwa mapilitsi a glibenclamide. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, chizungulire ndi kulankhula zosokonekera. Pamakina oyezera ndi pansi pa 70, kapena 3.9 pa makina ena. Aime pomwepo, amwe madzi osungunuliramo timasupuni tinayi ta shuga, adikire mphindi 15, ndipo ngati sizinasinthe abwereze. Akatsitsimuka adye kanthu. M'thumba mwake musasowe maswiti. Ngati wakomoka, musamumwetse chilichonse, thamangani naye kuchipatala. Pa chifukwa chomwechi sitikulimbikitsa kuti alowe m'madzi kapena kukwera bwato yekha.

Pali ntchito zina zimene bambo wozolowera nyanja adzafuna kubwererako kuti aoneke kuti akadali mwamuna: kukoka khoka, kukankha bwato, kusenza thumba la chimanga. Ngati diso likuonabe pang'ono, kapena dokotala ananena kuti timitsempha ta m'maso timatuluka magazi, kudzikakamiza kotereku kukhoza kuphulitsa timitsemphato n'kuzimitsa kuwala kotsalako. Afunse kaye kwa a maso. Ndipo popita kumeneko afunsenso ngati vuto si ng'ala, chifukwa odwala shuga imawagwira msanga, koma ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni.

M'mwezi wa Ramadhani, amene achipatala amulola kumanga swaumu asayende pachingwe masana kapena nthawi ya Asri, pomwe thupi lauma ndipo shuga watsika. Adikire amasule, apume pang'ono, ndiye ayende. Ulendo wa ku Taraweh ndi kuimirira kwake ziwerengedwe pa mphindi za tsikulo. Zizindikiro tatchula zija zikabwera, amasule nthawi yomweyo ngakhale dzuwa litatsala pang'ono kulowa, poti wodwala ali nacho chilolezo. Za kusintha nthawi ndi mlingo wa mankhwala akakambirane kukiliniki ya shuga mwezi usanaoneke.